Misoko Khumi ndi Iwiri pa Chidindo Changa

Welshpool, Perth
9 Malichi 2025

Okondedwa amake Tithokoze,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino inu ndi mwana, ndiponso kuti mayi miyendo ija yawaphwako. Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno likuwotchabe ngati tinalilakwira.

Musadabwe kuti ndayamba kulemba papepala n'kujambula pafoni. Ndikaimba, foni mumaiika pokweza, ndiye ndimapezeka ndikulankhula ndi inu, mayi, alamu anga ndi aneba obwera kudzapempha mchere. Izi muziwerenga nokha.

Nkhani yabwino ndi yakuti mayeso aja ndakhoza. Andichotsa kowotcherera mashelefu ndi makwerero, andiika kuchipinda cha mapaipi a nyukiliya. Musadzidzimuke, kuno kulibe ng'anjo ya nyukiliya yopangira magetsi, ndipo sindikhudza poizoni aliyense. Ife timangowotcherera mapaipi, akatha amakwera sitima kupita kudziko lina lozizira kumene kuli ng'anjozo. Owotcherera tilipo anayi okha, aliyense ndi chidindo chake. Changa ndi L47. Ndikamaliza kulumikiza mapaipi awiri, ndimakhoma chidindocho pachitsulo pambali pa msokowo, ndipo akuti pepala lake amalisunga zaka makumi asanu ndi limodzi. Ine nditafa kale, anthu adzadziwabe kuti apa anawotcha ndi Lamson wa ku Kawale.

Amene andimasulira ntchitoyi ndi Mayi Tionge, a ku Rumphi, amene timapemphera nawo. Iwo akuchita kafukufuku wa zomwezi ku yunivesite ku Crawley. Foromani wathu Ronnie amangoti wotchani, basi. Mayiwo akuti ng'anjo zimenezi zimakhala m'thanki yaikulu ya madzi otchedwa madzi olemera. Kuwaona ndi madzi wamba, koma ukawaumitsa, ayezi wake amamira m'madzi wamba. Akuti mu 2011 ku Japan nyanja itasefukira, magetsi anazima, mapampu anaima, ng'anjo zinatentha mpaka kusungunuka chifukwa chosowa madzi. Za ku Japan zinali za mtundu wina, komabe eni ng'anjo za madzi olemera anachita mantha. Anayamba kuwonjezera mapaipi otulukira kunja kwa khoma, kuti zonse zikafa, galimoto ya ozimitsa moto ingofika n'kupopera madzi m'thankimo. Ndiwo tikupangawa. Paipi yake imatha kukhala zaka makumi atatu osadutsamo ngakhale dontho, kungodikira tsiku limodzi loipa.

Kampani yandiuza kuti ndikakwanitsa zaka ziwiri mu Febuluwale, idzandisainira mapepala okhazikika kuno, ndipo inu ndi Tithokoze mudzabwera. Yatsala miyezi khumi ndi umodzi. Yambani za mapasipoti tsopano, mizere yake mukuidziwa. Makina osokera musagulitse kaye.

Mukaona zilembo zina zakhota, ndi tebulo, mwendo umodzi ndi waufupi.

Ndine wanu,
Bambo a Tithokoze


27 Epulo 2025

Amake Tithokoze,

Moni nonse kumeneko. Ine ndadzuka. Zithunzi za mapasipoti ndaziona. Mwana wakula, wayamba kufanana ndi malemu azakhali ake. Koma inu bwanji mwakwinya nkhope ngati akukutengerani kukhoti? Mukupita kwa mwamuna wanu.

Ntchito ya kuno ndi yoyenda pang'onopang'ono. Msoko umodzi umatha tsiku lathunthu. Umawotcha mzere umodzi, n'kudikira chitsulo chizizire, n'kuyeza, n'kulemba, kenako mzere wina. Ukamaliza amabwera Mayi Debbie, woyeza misoko, n'kuujambula pa ekisire monga amachitira ndi chifuwa kuchipatala. Mayi ameneyu samwetulira, koma sanama. Mwezi uno wandikanira misoko iwiri. Wapezamo timabowo tosaoneka ndi maso. Lamulo ndi lakuti akakukanira itatu m'miyezi itatu, chidindo amalanda, ubwerere ku mashelefu. Ndipo wa mashelefu samusainira mapepala aja.

Musade nkhawa. Dzanja lamanjali likumachita zachibwana m'mawa, koma ndi khofi wa kuno, ndi wamphamvu.

Wondithandiza kukonza mapaipi ndi Mwewa, wa ku Kitwe ku Zambia, bambo wa ana atatu. Anawotcherera m'migodi ya kwawo zaka khumi ndi zisanu, koma pepala la nyukiliya alibe. Chaka chilichonse amamuuza kuti amutumiza ku mayeso chaka chamawa. Ndiye amangopala zitsulo ndi kundigwirira paipi. Lachinayi anayang'anitsitsa dzanja langa n'kunena m'Chinyanja chakwawo kuti, “Mudala, kwanja kwanu kuvina.” Ndinamuuza kuti ayang'ane ntchito yake. Anangondipatsira magolovesi.

Mankhwala a mayi ndapatsira a Jabez, mkulu wa mpingo wathu, akufika ku Lilongwe pa 6 Meyi. Mukawalandire bwino, koma musawauze zambiri, pakamwa pawo sipatseka. Kusukulu kwa Tithokoze musakanene kaye kuti akuchoka.

Wanu,
Lamson


15 Juni 2025

Okondedwa amake mwana,

Ndakondwa kumva kuti chimfine chamusiya Tithokoze. Kuno mvula yayamba, yozizira, yopanda ndi bingu lomwe. Anthu a kuno amaitcha dzinja, koma palibe amene akudzala kanthu.

Kuntchito zinthu zakhala bwino. Chiyambire pakati pa Meyi palibe msoko umene wakanidwa. Mayi Debbie mpaka anaima pakhomo la kachipinda kanga n'kunena kuti, “Lamson, misoko yako yasalala masiku ano. Wasintha chiyani?” Ndinati ndasiya khofi. Analemba m'buku lake n'kumapita.

Mudziwe kuti aliyense amawotcherera m'kachipinda kake kotchinga ndi makatani, kuti kuwala kusapweteke anzake maso. Ronnie akamadutsa amangosuzumira pamwamba, n'kuona chipewa chowotcherera ndi ovolosi, n'kufuula kuti ntchito yabwino Lamson. Munthu ukavala chipewa chimenechi, ngakhale mayi ako sangakudziwe. Mwewa ndi munthu, amake Tithokoze. Muzimutchula m'mapemphero, iye ndi banja lake. Lamulungu lapitali anandiitana kunyumba kwake. Mkazi wake Monde anaphika kapenta, tinsomba tonga usipa. Ana awo ukawafunsa m'Chinyanja amayankha Chizungu chotulukira m'mphuno. Ndinawayang'ana n'kumaganiza kuti Tithokoze nayenso adzatero, ndipo ndinaseka ndekha.

Mwafunsa chifukwa chake zilembo zanga zakula. Kodi mwasanduka aphunzitsi? Werengani zimene zalembedwa, kukula kwake kusiyeni.

Mukamva mphekesera kuchokera kwa a Jabez, musazitengere. Ndasiya kudya mgonero kutchalitchi, ndipo iwo akundiyang'ana ngati ndapeza chibwenzi. Palibe chibwenzi. Timakapu ta mgonero ta kuno ndi tating'ono kwambiri, ndipo amatidzaza mpaka m'milomo. Mwezi watha ndinatayira vinyo pa diresi la mayi wina wokhala kutsogolo kwanga. Ndaona kuti ndi bwino mbale izingondidutsa.

Denga la kukhitchini likonzedwe mvula isanayambe, ngakhale mukuchoka. Mayi atsala momwemo.

Yatsala miyezi isanu ndi itatu.

Ndine,
Lamson


3 Ogasiti 2025

Amake Tithokoze,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndiliko.

Ndinapita kwa dokotala. Anandiyendetsa m'chipinda uku ndi uku, anandijambulitsa mzere wozungulira papepala, kenako ananditumiza kwa dokotala wina wa mitsempha. Matendawa ali ndi dzina la mzungu. Akuti sapha msanga, komanso sachira. Mapiritsi amangowachedwetsa. Mayi musawauze. Kukampani sindinanene.

Loweruka Mayi Tionge anatitengera anthu angapo a kumpingo ku Crawley kuti tikaone kumene amagwira ntchito. Ali ndi thanki yoyeserera, yotalika ngati nyumba yathu, yodzaza ndi mapaipi otenthetsa ndi magetsi. Anazimitsa pampu kuti tione. Pasanathe nthawi madzi anayamba kubwata, muyezo ukutsika tikuona. Kenako anatsegula paipi ya pambali, yofanana ndendende ndi imene ndimapanga, madzi ozizira n'kulowa, zonse n'kukhala bata. Anzanga anawomba m'manja.

Potuluka ndinawakokera pambali. Ndinati, “Mayi, pali mnzanga wina wowotcherera ku Kwinana wandifunsa. Bwanji msoko atawotcha munthu wodziwa ntchito koma wopanda pepala, ekisire n'kuuvomereza? Pali vuto?”

Anati, “Achimwene, ekisire imaona mabowo. Siona ngati chitsulo chinapsa mopitirira, kapena ngati munthu anadikira kuti chizizire asanaike mzere wina. Msoko ukhoza kukhala wokongola lero, n'kudzang'ambika patapita zaka makumi awiri, madzi ozizira akadzaugunda koyamba. N'chifukwa chake timayesa munthuyo, osati msoko wokha. Chidindo chija chimatanthauza kuti dzanja ili tinaliyesa.”

Ndinafunsa kuti ukang'ambika chimachitika n'chiyani. Anati ozimitsa moto adzakhala akupopa madzi, madziwo akuthera pansi, iwo osadziwa. Anatinso ku Japan kuli anthu amene anatuluka m'nyumba zawo ndi kachikwama kamodzi, poganiza kuti abwerera mawa, ndipo mpaka lero sanabwerere. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Mnzanuyo mumuuze kuti asachedwe.”

Ndinakwera basi yolakwika pobwerera, ndinakazindikira ndili kutali.

Tithokoze mumugulire nsapato zasukulu zokulirapo, za chaka chonse.

Lamson


21 Seputembala 2025

Felesta,

Moni. Lero ndikutchulani dzina chifukwa ndikufuna mumve ngati mkazi wanga, osati ngati mayi wa mwana. Khalani pansi.

Mnzanga wa ku Kwinana uja kulibe. Ndine. Kuyambira mu Meyi, misoko yanga akuwotcha ndi Mwewa. Timatseka makatani, iye amavala chipewa changa, ine ndimagwira paipi ndi kulemba manambala. Akamaliza, ndimakhoma L47. Anayambitsa ndi iye, sindinamupemphe. Tsiku limene tochi yowotcherera inandipulumuka m'manja anangoitola n'kuti, “Mudala, nkhalani apo. Ise tabwela kutali, sitingasiyane.” Ndinalola. Ndinaganiza kuti ndi za sabata imodzi, mpaka dzanja litakhazikika.

Paipi yathu yatha. Ili ndi misoko khumi ndi iwiri ya chidindo changa. Umodzi wokha, woyamba, ndi umene ndinawotcha ndekha. Khumi ndi umodzi ndi ya Mwewa. Yonse inadutsa pa ekisire. Sitima inyamuka pa 10 Okutobala, ndipo isananyamuke ndiyenera kusaina pepala lomaliza lolumbira kuti misoko yonseyo ndi ya dzanja langa.

Ndinamuuza Mwewa kuti mtima wanga sukundilola. Anakwiya moti sindinamuonepo. Anati, “Manje mufuna kunipaya? Nchito yanga ilibe mulandu, imwe muziba. Nenze kuyembekeza chisulo chizizile monga mwamene buku ikambila. Mukakamba, imwe muzayenda, na ine nizayenda. Bana banga sibaziba na Kitwe kwamene ili.” Zoona, ntchito yake ndi yabwino kuposa yanga. Koma masiku ena ndinkatuluka kukamwa mapiritsi, sindinaone mzere uliwonse. Ndipo iye wazolowera zamigodi, kumene amathamangira kumaliza.

Ndikakhala chete, mu Febuluwale mapepala atuluka, mubwera, Tithokoze aphunzira kuno, ine ndipeza madokotala abwino. Mwina tsiku loipalo silidzafika n'komwe. Mwina lidzafika tonse titafa. Anthu a m'tauni imeneyo sindikuwadziwa, ngakhale dzina la tauniyo sinditha kulitchula bwino. Koma ndikamayenda pamsewu ndimangoona munthu wa ozimitsa moto atagwira paipi, akukhulupirira kuti madzi akufika.

Ndikuopa, Felesta. Ndiuzeni chochita. Musaimbe, lembani kapena jambulani mawu muli nokha.

Mwamuna wanu,
Lamson


12 Okutobala 2025

Amake Tithokoze,

Ndikhulupirira muli moyo, ngakhale mwasiya kuyankha.

Mawu anu ndinawamvera kasanu. Munati, “Mwana wanu ndi Tithokoze, osati ana a anthu amene simudzawaona. Zaka ziwiri ndagona ndekha kudikira Febuluwale ameneyu. Sainani.” Simunalakwe ngakhale liwu limodzi. Ndinapita kuntchito Lolemba nditatsimikiza kusaina.

Pepala analibweretsa Mayi Debbie mu ofesi ya Ronnie. Ndinagwira cholembera, dzanja n'kuyamba zake, mpaka cholembera chikugogoda patebulo. Mayiyo anayang'ana dzanjalo, kenako anayang'ana chithunzi cha misoko yosalala ija chili pakhoma. Anangoti, “Tenga nthawi yako, Lamson.” Akanandikalipira mwina ndikanasaina. Ndinaika cholembera pansi n'kunena zonse.

Musaganize kuti ndinamva kupepuka. Anthu amanena kuti ukaulula mtima umayera. Wanga sunayere. Ronnie anafiira mpaka m'khosi, chifukwa naye ntchito yake yagwedezeka. Paipi anaitsitsa pa lole. Anamuitana Mwewa, anabwera magolovesi ali m'manja, anangondiyang'ana kamodzi. Lachitatu anatichotsa ntchito tonse awiri. Chidindo ndinabweza, anachiika mu envelopu n'kumata.

Malamulo a viza akuti tili ndi miyezi isanu ndi umodzi yopeza kampani ina yotisainira, apo ayi tizipita. Mawekishopu a ku Welshpool ndi ku Kwinana amadziwana onse, nkhani inafika kale ife tisanafike pageti. Mwewa wayenda malo asanu ndi anayi. Ine ndinapita malo amodzi, anandipatsa tochi kuti ndiyese, ndinaibweza osayatsa.

Lero kutchalitchi Monde, mkazi wa Mwewa uja, anabwera, ngakhale sapemphera nafe. Anandidikira panja. Sanatukwane. Anati, “Ba Lamson, munadya pa nyumba panga.” Basi, anatembenuka. A Jabez akuti ndachita zachikhristu, Mayi Tionge akuti ndachita zoyenera. Onsewo ali ndi mapepala okhazikika.

Mapasipoti asungeni pouma, amakhala zaka khumi. Kusukulu mukalembetse Tithokoze za chaka chamawa. Ngati simufuna kundiyankha, mwana yekha andijambulire mawu.

Lamson


30 Novembala 2025

Okondedwa amake Tithokoze,

Moni inu, mwana ndi mayi. Zikomo chifukwa cha mawu a Tithokoze, ndamva kuti wakhoza masamu. Mwaona kuti zilembo izi si zanga. Cholembera chandikaniratu. Ndikulankhula, akulemba ndi Mwewa. Anabwera kudzatenga makina ake opalira zitsulo amene anatsala kwa ine, n'kundipeza ndikulimbana ndi pepala lachitatu. Wakhala pampando, sanavule jekete.

Lachisanu Mayi Debbie anandiimbira. Sanali wokakamizidwa kutero. Akuti misoko yonse khumi ndi iwiri anaidula n'kuitumiza kokaiyesa, kuipinda, kuiswa ndi kuiyang'ana mkati ndi makina amphamvu kuposa ekisire. Khumi ndi umodzi ya Mwewa ilibe chilema chilichonse. Akuti ndi yabwino kuposa ya owotcherera atatu otsalawo. Umodzi wokha ndi umene anaupeza ndi mng'alu wobisika mkati, wopyapyala ngati tsitsi, woti ukanatseguka tsiku lomwe madzi ozizira akanaugunda. Ndi woyamba uja, wa dzanja langa.

Ndiye onani mmene zakhalira. Ndinkaopa ntchito ya Mwewa, ndinaphera banja lake tsogolo chifukwa cha mantha amenewo, pamene chowola chinali changa. Ndikanakhala chete, mng'aluwo ukanakwera sitima. Ndalankhula, ana atatu a mnzanga akuchotsedwa sukulu. Ndayesa kuziika mbali zonse, palibe mbali imene ndimatulukako ndili munthu wabwino. Ndinafunsa Mayi Debbie ngati zotsatirazi zingamubwezere Mwewa ntchito. Anati ayi, chifukwa anawotcha pa dzina la munthu wina, ndipo zimenezo sizifufutika. Paipi ina akupanga kale anthu ena.

Sindidikira kuti miyezi ija ithe. Ndifika pa 17 Disembala, ndege ya masana. Musabwere ndi anthu ambiri, musaphike zaphwando. Tithokoze mumuuze inu ndisanafike kuti ulendo wa ku Australia kulibe, asadzamve kwa ine pabwalo la ndege. Mumuuzenso za dzanja, kuti asadzachite mantha. Za inu ndi ine sindikudziwa. Ngati mwandikonzera kuchipinda cha alendo, ndidzagona kumeneko osadandaula.

Ndine wanu,
Lamson

Mulamu, ni ine Mwewa. Nalemba vonse monga mwamene bakambila, sininachoseko olo kuikilako. Koma sibanakuuzeni vonse. Kapu ya tiyi bagwila na manja yabili, mabatani ya shati yabakanga. Mubwele na mwamuna wamphamvu ku eyapoti, chola sibanganyamule. Ine sininabakhululukile, kapena sinizakwanisa. Koma kalata iyi nalemba ni ine, ndiye naika zina yanga.

Mwewa